Mabuleki a galimoto yakale ndi mitsetse ya kuno ku Mzuzu: zimene ndaphunzira

Pa maphunziro a umakaniko amene ndikuchita kuno ku Mzuzu, mutu wa mabuleki ndi umene wandigwira mtima kuposa ina yonse, makamaka pa magalimoto aatali akale monga Toyota Prado, Hilux Surf, RAV4, Mitsubishi Pajero ndi Nissan X-Trail, amene ambiri anapangidwa m'zaka za m'ma 1990 kapena kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo analowa m'dziko muno kudzera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe atayenda kale ku Japan. Eni ake akabwera kugalaja ya ku Luwinga kumene ndikuphunzirira ntchito, kawirikawiri amapempha kuti tiwaikire mabuleki amphamvu, ndipo m'maganizo mwawo amakhala akuona madisiki akuluakulu oboolaboola aja amene anawaona pa intaneti. Koma m'thumba mumakhala mopepuka, popeza masipeya onse ndi ochokera kunja ndipo mitengo yake inakwera kwambiri kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho funso limene ndakhala ndikulimbana nalo ndi lakuti, ndalama zikakhala zochepa, ziyambe kupita pa chiyani.

Aphunzitsi athu anayamba nkhaniyi ndi masamu, asanatigwiritse n'komwe sipanala. Anatifotokozera kuti ntchito ya buleki ndi kusandutsa mphamvu ya galimoto yoyenda kuti ikhale kutentha, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Kenaka tinawerengera za msewu wathu womwe wopita ku Nkhata Bay. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi siifika mamita 500, kotero kuti galimoto imatsika mamita oposa 700 isanafike kugombe. Galimoto yolemera makilogalamu 2,000 ikamatsika chotero imayenera kutaya mphamvu yofanana ndi ya kuima kotheratu maulendo pafupifupi 18 kuchokera pa liwiro la makilomita 100 pa ola. N'zoona kuti gawo lina limapita ku mphepo, ku matayala ndi ku injini, koma dalaivala akamatsika phazi lili pabuleki njira yonse, lotsalalo limakathera m'madisiki ndi m'mapadi, timapale timene timapana disiki kuti gudumu liime. Ndi mmenenso zimakhalira pa Chiweta popita ku Karonga, ndipo aliyense amene anaimapo m'munsi mwa mtsetse umenewu amalidziwa fungo la mabuleki opserera limene limatuluka m'magalimoto ongotsika kumene. Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuona kuti vuto la galimoto zathu kuno si kuchepa kwa mphamvu yoimitsira kamodzi, koma kulephera kupirira kutentha kwa nthawi yaitali.

N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti ndalama yoyamba iyenera kupita pa mafuta a mabuleki, ngakhale kuti ndi chinthu chimene mwini galimoto sangachione n'kunyadira. Mafuta a DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo ku Mzuzu, kumene mvula imachedwa kusiya ndipo nkhungu imakuta m'mawa wambiri, chinyezicho sichisowa. Muyezo wake umanena kuti DOT 3 yatsopano isawire isanafike madigiri 205, koma ikayamwa madzi malirewo amatsika kufika pa 140; DOT 4 imayambira pa 230 n'kutsikira pa 155. Mafuta akawira mkati mwa kalipa, chipangizo chimene chimakanikizira mapadi pa disiki, amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika pamene madzimadzi safinyika, motero pedulo imangolowa mpaka pansi popanda kugwira kanthu. Choopsa kwambiri n'chakuti galimotoyo ikazizira mabuleki amabwerera mwakale, ndipo mwini wake amaganiza kuti vutolo latha lokha. Mafuta amene timatulutsa m'magalimoto ambiri amakhala akuda ngati tiyi wopanda mkaka, kusonyeza kuti sanasinthidwepo chifikireni m'dziko muno, pamene opanga magalimoto ambiri amalangiza kuwasintha pakatha zaka ziwiri zilizonse. Kuchoka pa DOT 3 kupita pa DOT 4 kumatheka pa magalimoto ambiri, koma DOT 5 ndi ya mtundu wina wa silikoni ndipo siyenera kusakanizidwa ndi enawo. Pochotsa mpweya m'mapaipi a mabuleki tikamasintha mafutawo, nthawi zambiri timayambira ku gudumu limene lili kutali kwambiri ndi pampu ya mabuleki, ngakhale kuti buku la galimotoyo ndi limene limakhala ndi mawu omaliza.

Chachiwiri ndi makalipa, ndipo apa ndi pamene ndinaona ndi maso anga chinthu chimene m'buku ndinkangochiwerenga. Pa RAV4 ina imene inabwera ikukokera kumanzere poima, tinapeza kuti padi yamkati ya gudumu lina inali itatha mpaka pachitsulo, pamene yakunja inali ikadali yochindikala ngati yatsopano. Akuluakulu a pagalajapo anandipatsa kapini kamene kalipa imatsetserekapo, ndipo kanali kofiira ndi dzimbiri, kouma gwa, chifukwa kalabala kotchinga fumbi kanali katang'ambika ndipo madzi amatope anali atalowa. Anandiuza kuti, "Achimwene, mukaika mapadi odula pa kalipa yotere, ndiye kuti mwataya ndalama za eni ake." Tinakatsuka, tinaikapo kalabala katsopano ndi girisi wa silikoni, popeza girisi wamba amafufumitsa labala, ndipo galimotoyo inayamba kuima molunjika ndi ndalama yochepa kwambiri. Pa Prado ndi Hilux Surf za nthawi imeneyo, kalipa yakutsogolo siitsetsereka koma ili ndi mapisitoni anayi, ndipo ndi mapisitoniwo amene amagwidwa ndi dzimbiri mpaka ena kuleka kutuluka. Kugula timalabala tatsopano n'kuikonza kumatchipa kwambiri poyerekeza ndi kugula kalipa yonse.

Mapadi ndiwo malo amene ndimaona kuti munthu sayenera kuumira. Pamsika pali mapadi otchipa opanda dzina lodziwika amene amagwira bwino akazizira koma amaterera akatentha, ndipo kusiyana kwake sikuoneka m'tauni koma pamtsetse. Makampani a ku Japan monga Akebono ndi Advics ndi ena mwa amene amapangira mafakitale a magalimoto mabuleki, ndipo katundu wawo weniweni, akagulidwa kwa wogulitsa wodalirika, ndi wokwanira pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ndaphunziranso kuwerenga zilembo ziwiri zimene zimalembedwa m'mphepete mwa mapadi ena, monga EE, FF kapena GG: chilembo choyamba chimanena za kugwira kwa padi isanatenthe kwambiri, chachiwiri ikatentha, ndipo F imagwira kuposa E. Padi ikatsala mamilimita atatu imafunika kusinthidwa, ndipo nthawi zonse timasintha mbali zonse ziwiri pamodzi.

Za madisiki oboolaboola aja, maganizo anga ndi akuti si ofunika pa galimoto yolemera yoyenda m'matope ndi m'fumbi, chifukwa mabowowo amadzaza dothi ndipo ming'alu imakonda kuyambira m'mphepete mwake disiki ikamatentha ndi kuzizira mobwerezabwereza. Chofunika ndi kuchindikala. Pa disiki iliyonse pamadindidwa nambala ya mamilimita imene siyenera kupyoledwa, ndipo disiki imene yapalidwa pamakina mpaka kupyapyala kuposa pamenepo ilibenso chitsulo chokwanira kusunga kutentha. Kupala kumapulumutsa ndalama pokhapokha ngati poyeza papezeka kuti chitsulo chikadalipo.

Mbali imene ambiri timaiwala ndi yakumbuyo. Pa galimoto zimene kumbuyo zili ndi madilamu m'malo mwa madisiki, monga Hilux Surf za m'ma 1990, mabuleki akumbuyo akatalikirana ndi dilamu, pedulo imapita kutali ndipo akutsogolo amasenza ntchito yonse okha. Zina mwa galimotozi, makamaka zopanda ABS (makina oletsa magudumu kukwakwata poponda buleki mwamphamvu), zili ndi valavu yolumikizidwa ku ekiselo yakumbuyo imene imayeza kulemera kwa katundu. Mwini galimoto akaikweza kuti izidutsa bwino m'misewu ya kumudzi koma osakonzanso valavuyo, imayesa kuti galimotoyo ilibe katundu ndipo imachepetsa mphamvu yopita kumbuyo. Matayala akuluakulu kuposa a kufakitale nawonso amafooketsa mabuleki, popeza disiki yomweyo imayenera kuimitsa gudumu lalitali ndi lolemera kwambiri. Mapaipi a labala amene akhala zaka zoposa 20 amafufuma akapanikizidwa, ndipo kuika atsopano wamba kumabwezeretsa kulimba kwa pedulo popanda kufunafuna mapaipi apadera okutidwa ndi waya.

Tikaika mapadi atsopano sitipereka galimoto nthawi yomweyo. Timapita nayo pamsewu wopanda anthu ambiri n'kumachepetsa liwiro mobwerezabwereza, mosadzidzimutsa komanso osaima kotheratu, kuti padi ndi disiki zizolowerane, kenaka timayenda pang'ono kuti zizizire. Timayang'ananso matayala, chifukwa buleki imaimitsa gudumu koma tayala ndi limene limagwira msewu. Manambala anayi omaliza a chidindo cha DOT pa tayala amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo matayala ambiri akaunjika amakhala ndi mizere yooneka bwino koma labala wake atauma kale, zimene zimaonekera pa phula lonyowa la ku Chikangawa.

Popereka makiyi, akuluakulu aja amatenga nthawi kufunsa mwini galimoto mmene amatsikira ku Nkhata Bay, ndipo ambiri a magalimoto a otomatiki amavomera kuti giya amangoisiya pa D. Amawalangiza kuika pa 2, kapena pa L pamene mtsetse wakula, asanayambe kutsika, kuti injini igwire galimoto, ndiponso kuponda buleki molimba kwa kanthawi n'kuisiya kuti ipume m'malo moikhudza pang'onopang'ono njira yonse. Ineyo tsopano ndapatsidwa ntchito yolemba mndandanda wa mitengo ya makasitomala, ndipo ndimaulemba motsatira zimene tapeza poyeza: mafuta ndi makalipa pamwamba, mapadi pambuyo pake, ndipo madisiki ndi mapaipi ndimazilemba padera pamodzi ndi muyezo wake, kuti amene sangakwanitse zonse mwezi uno adziwe chimene chingadikire ndi chimene sichingadikire.