Machubu otchipa, makalata ochenjeza kwa anamwino

Lolemba ndi Lachiwiri ku labu ya chipatala chathu kunali za masiku onse: malungo, shuga, makhololo a TB, magetsi kuthima masana jenereta n'kuchedwa kulira. Zija mukuzidziwa kale.

Lachitatu usiku ndiye kunaipa. Magazi ochokera ku wodi ya ana ndi ya amayi oyembekezera ankafika ataundana m'machubu a chivindikiro cha pepo, aja okhala ndi EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana. Magazi otere sungayezere full blood count, kuyeza kowerenga maselo onse a m'magazi. Ma platelet, timaselo tothandiza magazi kuundana, amaoneka otsika pamene wodwala alibe vuto, ndipo kachibuluma kakalowa m'makina kamatseka kabowo kowerengera maselo. Makina anatsekekadi. Mnyamata wa shifiti ya usiku anakhalira kutsuka, masampulo n'kubwezedwa, ana n'kubayidwanso kachiwiri amayi awo akuyang'ana. Kutacha, a ku ofesi analembera anamwino awiri makalata ochenjeza, ati sanasakanize bwino magazi.

Koma anamwino amenewa akhala akudzaza chubu mpaka pamzere n'kulitembenuza pang'onopang'ono ka 8 mpaka ka 10 kwa zaka zambiri. Chimene chinasintha ndi katoni. Titayang'ana nambala ya lot, yosonyeza gulu limene machubu anapangidwira limodzi ku fakitale, machubu onse oundanawo anali a gulu limodzi, ogulidwa kwa wogulitsa watsopano chifukwa chotchipa. Ena mankhwala ake am'kati sakuoneka n'komwe, ena sakoka magazi kufika pamzere. Ku wodi ya abambo, komwe akugwiritsabe ntchito machubu akale, sikunabwezedwe sampulo ngakhale imodzi.

Chopsetsa mtima n'chakuti pakhoma la ofesi yomwe inalemba makalatawo papachikidwa pepala lalikulu la PDSA, njira yowongolera ntchito pokonza dongosolo, kuliyesa, kuunika zotsatira n'kuchitapo kanthu, ndipo mabwana omwewo ndi amene amatsegulira misonkhano ya 5S-KAIZEN, njira ya ku Japan yosamalira malo ogwirira ntchito ndi kuwongolera ntchito pang'onopang'ono, imene inafika m'zipatala zathu kudzera ku JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko. Amene anafalitsa PDSA ndi W. Edwards Deming, katswiri wa ziwerengero wa ku America yemwe anaphunzitsa mainjiniya ndi eni mafakitale ku Japan mu 1950, moti mu 1951 anakhazikitsa mphoto ya Deming Prize m'dzina lake. Pa mfundo zake 14 za utsogoleri, yachinayi imaletsa kugula katundu poona mtengo wokha, ndipo yachisanu n'chitatu imati chotsani mantha pantchito. Zonse ziwiri tinaziphwanya m'mawa umodzi.

Deming ankaphunzitsa ndi bokosi la mikanda 4,000: yoyera 3,200, yofiira 800. Wantchito ankapatsidwa kathabwa ka mabowo 50 kuti atunge yoyera yokha. Aliyense ankatulutsa yofiira pafupifupi 10, wina 7 wina 13, bwana n'kumayamika uyu, kukalipira uyo, kuchotsa ntchito winayo. Chonsecho mikanda yofiira anaithira m'bokosi ndi bwana yemweyo, ndipo wotunga alibe mphamvu pa iyo. Namwino sasankha machubu. Amangolandira zimene a kusitolo amupatsa.

Zotsatira za mantha tinaziona Lachisanu. M'buku lolembamo masampulo obwezedwa munali mwa mbee, osati chifukwa magazi aleka kuundana ayi. Anamwino akumaunika chubu pawindo, akaona chibuluma n'kutaya mwakachetechete, n'kukabaya wodwala kachiwiri osalemba paliponse. Lipoti la mwezi uno lidzaoneka lokongola, ndipo wogulitsa uja adzapatsidwanso oda.

Zoyenera kuchitika sizifuna ndalama zambiri: kuika padera makatoni onse a lot imeneyo, kuwonjezera danga la nambala ya lot m'buku la masampulo obwezedwa, ndiponso katundu wa wogulitsa watsopano akafika, a labu ayambe ayesa machubu ochepa asanagawidwe m'mawodi. Tazilemba zimenezi n'kupereka ku komiti ya QIST yoona za kuwongolera ntchito pachipatala, yomwe ikumana mwezi wamawa ngati mafuta ndi zokhwasula zipezeka.

Loweruka makontrolo, masampulo oonera ngati makina oyezera magazi akuwerenga molondola, anatithera, tinangotumiza masampulo ofunika mwachangu ku chipatala china pa ambulansi. Makalata ochenjeza aja akadali m'mafayilo a asisita awiriwo.