Ku Lewistown tinakaphunzira kuima pamsewu

Tinanyamuka m'bandakucha wa Loweruka tilipo 9, ozimitsa moto 6 ndi ife atatu a fire police. Tinkapita ku Lewistown, komwe kuli State Fire Academy, sukulu ya boma la Pennsylvania, kuno ku America, yophunzitsa ntchito imeneyi.

Abale kumudzi akamva dzina loti fire police amaganiza kuti ndinalowa upolisi. Ayi ndithu. Ife ndi anthu ongodzipereka, osalandira malipiro. Kampani yozimitsa moto ya m'dera ndiyo imakusankha, akuluakulu a tauni amakuvomereza, kenako umalumbira. Ntchito yathu ndi kutseka msewu, kulozera magalimoto kodzera, ndi kubweza anthu odzaonerera kuti anzathu azimitse moto mosadodometsedwa. Kuno makampani ambiri ndi a anthu odzipereka, mwambo womwe amati unayamba ndi Benjamin Franklin ku Philadelphia mu 1736. Koma anthuwo akutha: m'ma 1970 mu Pennsylvania analipo pafupifupi 300,000, pofika 2018 anatsala ngati 38,000. N'chifukwa chake ngakhale ine wobwera anandilandira ndi manja awiri.

Titafika, anzathu aja anapita kunyumba yoyeserera moto atasenza masilinda a mpweya kumsana. Za kumeneko ndilibe zambiri, kupatula kuti anatuluka thukuta lili kamukamu.

Ife anatitengera pabwalo. Kunena zoona, ndinkaona ngati palibe chachilendo, poti ndaima pamsewu zaka zitatu. Manyazi anandigwira mphunzitsi asanathe n'komwe mphindi khumi. Anatiuza kuti tiyale makoni, zizindikiro zosongoka zija zoimika pamsewu, monga timachitira kwathu. Ndinayala anga bwinobwino, koma nthawi yonseyo nditafulatira kochokera magalimoto. Bamboyo sanakalipe. Anangodzaima kumbuyo kwanga n'kuwomba m'manja kamodzi, ine n'kudumpha. Ndi mmene galimoto imafikira, umaidziwa itakugunda kale.

Anationetsanso kaimitsidwe ka galimoto yozimitsa moto. Siima mowongoka. Imaima mopingasa kuti ikhale chishango, matayala akutsogolo atakhotetsedwa kuloza kutali ndi pomwe anthu akugwira ntchito, kuti wina akaiwomba kumbuyo isakagwere iwo. Makoni nawo amayambira patali ndithu, kupanikiza msewu pang'onopang'ono. Ndinakumbukira nthambi zomwe timayala pa M1 lole ikafa, ndipo ndinaona kuti nzeru yake ndi imodzimodzi, kungoti nthambi siziwala usiku.

Tinakambanso za lamulo la Move Over lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2021. Dalaivala akaona malo a ngozi ayenera kusamukira mumzere wina wa msewu wotalikirana ndi ngoziyo, ndipo zikakanika achepetse liwiro ndi mamailosi 20 pa ola kuchoka pa liwiro lololedwa. Tonse tinaseka, chifukwa tikudziwa kuti ambiri maso amakhala pafoni.

Pobwerera ambiri anagona. Atatufe tinapangana kuti Lachiwiri madzulo tikayeserera kuyala makoni kuseri kwa siteshoni, ndipo woomba m'manja ndikhala ine.