Dzina latuluka: zikomo kwa onse amene munandigwirira naiti

Uthenga unandipeza cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, ndili pa naiti mu wodi ya ana. Ndinali nditangomaliza kusintha diripi ya kamwana kena ka ku Limbuli, ndikusamba m'manja, foni n'kuyamba kunjenjemera m'thumba la yunifolomu. Anali mnzanga amene tinaphunzira limodzi dipuloma, pano ali ku Zomba. Anangolemba kuti, "Iwe, dzina lako latuluka," n'kutumiza chithunzi cha mndandanda. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala zonyowa, ndinawerenga katatu. Kenako ndinangokhala pa benchi ya magadiyani n'kuyamba kulira. Agogo ena amene ankadikirira mdzukulu wawo anadzuka pa mkeka, kundigwira paphewa n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Anesi, kwagwanji kumudzi?" Iwo ankayesa ndalandira uthenga wa maliro.

Ayi agogo, sikunagwe kanthu. Anditenga kukachita digiri ya unamwino ku Kamuzu University of Health Sciences. Amayi anga mpaka lero akuuza anzawo ku mvano kuti mwana wawo akupita ku KCN (Kamuzu College of Nursing), ndipo ndasiya kuwakonza, ngakhale kuti dzinalo linasintha mu 2021 pamene sukulu ya anamwino ija inaphatikizana ndi College of Medicine. Kwa iwo KCN ndi kumene kunkachokera masisitala ovala zoyera amene ankawaopa ali atsikana. Asiyeni anyadire m'mene akudziwira.

Ndagwira ntchito ya unamwino kuno ku Mulanje kuyambira 2014. Ndinene chilungamo, chimene chinandikankha kufuna digiri si kukonda mabuku ayi. Chaka ndi chaka kumabwera achinyamata ochokera ku yunivesite, ndimawagwira dzanja kuwaonetsa popezera mtsempha pa mwana wouma ndi kutsegula m'mimba, ndimawaphunzitsa kuyankhula ndi mayi amene mwana wake wangomwalira kumene, ndipo pakapita zaka ziwiri ndi iwo amene akusayina lipoti langa. Sindiwada, ndi ana abwino, ena adakali anzanga apamtima. Koma mtima umawawa. Komanso pali zinthu zimene manja anga amadziwa koma pakamwa panga sipatha kufotokoza chifukwa chake, ndipo pa raundi dokotala akafunsa ndimangoyang'ana pansi.

Ndinayesa koyamba mu 2022, koma kolera inatimeza tonse, fomu inangouma m'chikwama. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Amene munali kuno simufuna kuti ndikukumbutseni madzi ndi miyala zikutsika m'phiri, milatho itaduka, anthu akubwera nawo pa machira matope okhaokha. Nyumba ya amayi inagwa khoma limodzi, ndipo ndalama zimene ndinkasungira fizi zinapita ku njerwa ndi malata. Kangachepe kamene kanatsala kanasungunuka mu Novembala chaka chomwecho, Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti.

Koma chaka chimene chinandipweteka kwambiri ndi 2024, chifukwa pamenepo panalibe namondwe woti ndimunamizire. Zonse ndinali nditasonkhanitsa: satifiketi ya MSCE, dipuloma, tiransikiripiti, chiphaso cha ku Nurses and Midwives Council of Malawi, kalata ya abwana. Tsiku lotseka mafomu ndili pa shopu yojambulira mapepala pa Chitakale, mnyamata wa pa kompyuta anandifunsa kuti, "Amayi, anthu awiriwa ndi inu nokha?" Pa MSCE panali dzina la bambo anga, pa chiphaso panali dzina la amuna anga, ndipo dzina langa loyamba pena linali ndi chilembo chimodzi chowonjezera. Zaka zonsezi sindinaganizepo zokalumbira kukhoti kuti mayina onsewa ndi a munthu mmodzi. Nthawi inali itadutsa 3 koloko, Lachisanu. Ndinakwera kabaza kubwerera kunyumba envulopu ili m'khwapa, ndipo kwa sabata yathunthu sindinauze munthu aliyense. Atsikana amene mukuganiza zokweza maphunziro, tulutsani mapepala anu lero muwayale pa mphasa, muone ngati akunena munthu mmodzi.

Tsopano ndithokoze.

A Sisitala athu, mkulu wa wodi, ndinu amene munandizindikira kuti ndafooka. Munandiitanira m'kachipinda ka mankhwala, kutseka chitseko, n'kundikalipira ngati mwana wa Fomu 1. Mawa lake munandipatsa theka la tsiku kuti ndipite kwa majisitireti pa boma kukatenga kalata yolumbira ija. Ndinunso amene munkandikakamiza kulembetsa mapointi a CPD, a maphunziro owonjezera amene timachita tili pa ntchito, m'kabuku nthawi yomweyo phunziro likangotha, osadikira nthawi yokonzanso chiphaso n'kumathamanga kusaka siginecha. Ndinkakuonani ngati ovuta. Pepani.

Anzanga a mu wodi, apa ndiye mawu akundithera. Amene sagwira ntchito yathu sadziwa kuti kusinthana shifiti kumatanthauza chiyani. Munthu akati, "Pita, ndikugwirira," ndiye kuti wavomera naiti yachinayi motsatizana, wavomera kuti ana ake adzuka kupita kusukulu iye asanafike, wavomera kuyima yekha pakati pa mabedi odzaza nyengo ya malungo pamene ana amagona awiri bedi limodzi. Ine ndinapita ku Blantyre maulendo atatu chifukwa cha mapepala amenewa, kukwera minibasi ya m'mamawa kudzera msewu wa Midima, ndipo ulendo uliwonse panali wina amene anataya tulo take. Mmodzi wa inu anali ndi pakati pa miyezi 7. Ndinamva pambuyo pake kuti miyendo inamutupa usiku umenewo ndipo ankalemba lipoti ataikweza pa katoni ya magolovesi. Sanandiuze. Achemwali, dzina lanu sinditchula pano chifukwa ndikudziwa kuti mungandikalipire, koma mukudzidziwa.

Ndipo chimene chikundilemera n'choti kuthokoza kwangaku kukubwera pamodzi ndi katundu wina. Ndikachoka, pa ndandanda ya mashifiti patsala dzenje, ndipo palibe amene walonjeza kuti abweretsa wina msanga. Anthu omwewo amene anandigwirira naiti kuti ndikapereke fomu ndi amene agawane manaiti anga zaka zimene ndikhale kusukulu. Tsiku limene a Matron anandiuza kuti tchuthi cha maphunziro chavomerezedwa, ndinatuluka mu ofesi ndikumwetulira, koma nditaona bolodi la mashifiti pakhoma kumwetulira konse kunatha. Walira mvula walira matope. Fomu yolonjeza kuti ndidzabwerera kudzagwira ntchito ndasayina, koma pepala limenelo ndi la boma. Kwa inu ndikulonjeza ndi pakamwa panga, anthu onse akuwerenga: ndidzabwerera mu wodi yomweyi, ndipo tchuthi chilichonse cha kusukulu mundilembe pa naiti ya Khirisimasi musanandifunse n'komwe.

Amayi osesa mu wodi yathu, amene munkandisungira tiyi m'fulasiki ndi chinangwa chophika ndikamawerenga pakati pa usiku, munkati, "Werengani anesi, ine ndikuyang'anirani, wina akalira ndikudzutsani." Inu sukulu munalekezera Sitandade 6, munatero nokha, koma palibe amene anasangalala kuposa inu. Nthungululu yanu inadzutsa wodi yonse.

Amayi a banki m'khonde ya kumudzi kwathu, munandibwereka ndalama yolipirira fomu ndi ya mayendedwe nthawi yanga isanakwane, mutakambirana pansi pa mtengo wa mango ine kulibe. Ambiri mwa inu ndalama zanu mumazipeza pothyola tiyi m'maesiteti, dengu kumsana kuyambira m'mawa, ena pogulitsa zinanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu. Mukanapanda inu ndikanagwa m'manja mwa akatapira. Mwezi uno ndamaliza kubweza, ndipo mlembi wanu wadinda.

Mnyamata wa pa Chitakale uja, chaka chino magetsi atazima tili pakati potumiza mapepala, analumikiza kompyuta ku batire ya galimoto ya mnzake, intaneti n'kutengera pa foni yake. Anakana kuti ndimuwonjezere ndalama ya bandulo. Ndamuuza kuti mkazi wake akadzakhala woyembekezera andiimbire.

Bambo a ana anga, anthu anakuuzani zambiri. Ena anati mkazi akaphunzira kwambiri sabwerera, ena anati mwamuna wanji wotsala ndi mapoto. Inu munangoseka n'kupita kukagula chikwama chachikulu pa msika wa Limbuli, mpaka pano chili pamwamba pa kabati chikudikira. Usiku uja wa 2024 nditakuululirani za mayina, munakhala chete nthawi yayitali, kenako munati, "Ndiye kuti dzina langa ndi limene lakulepheretsa?" Tinaseka mpaka ana anadzuka. Kunali kuseka kwanga koyamba sabata imeneyo.

Amayi anga, mwalera ine, tsopano mukuyambanso kulera adzukulu pamene mawondo akukuvutani. Apongozi anga, munabwera kuchokera ku Luchenza ndi nkhuku m'manja kudzanena kuti wamng'onoyu azikhala kwa inu masiku a tchuthi. Mulungu yekha ndiye akudziwa chimene ndingakubwezereni.

Ndatsala ndi manaiti 6, kenako ndipereka makiyi a kabati ya mankhwala. Loweruka likubwerali tiphika kunyumba kuyambira masana, kudzakhala nsima, nkhuku ya apongozi ija, kalongonda ndi thobwa la amayi. Amene mudzakhale pa shifiti musadandaule, ndidzakubweretserani ndekha m'makontena cha m'ma 7 madzulo. Ndipo ngati alipo amene akudziwa chipinda cha lendi chotsika mtengo ku Blantyre, chokhala ndi madzi, pafupi ndi msewu wa minibasi, andiuze mwezi uno usanathe.