Ulusi wofiira wa ku Joni

Telala aliyense ali ndi nthenda imodzi yosachizika: akaona ulusi ukulendewera pa chovala, dzanja limamuyabwa. Ine ndasoka zaka 22, zoyamba 15 pakhonde la sitolo ku Limbe, zotsalazi kuno ku Joni, ndipo kasizasi kanga sikachoka m'thumba la jekete. Ngakhale m'tchalitchi ndimadula ulusi pamakolala a anthu a benchi yakutsogolo, eni ake ali tsinzi kupemphera.

Amene anandilowetsa m'mavuto ndi mwana wa mchemwali wanga, yemwe akuphunzira zaluso kuyunivesite. Anabwera ndi nkhani ya Billie Zangewa, mayi wobadwira ku Blantyre mu 1973 amene amakhala mu Johannesburg momwemuno. Mayiyu amasoka zithunzi pamanja ndi zidutswa za silika, zoonetsa moyo wapakhomo basi, koma zimakapachikidwa ku Paris ndi ku New York. Anandionetsa pafoni. Masokedwe ake ndi audongo ndithu, koma m'mbali mwa nsalu mosapinda, pena ngodya yonse palibe.

"Nsalu inawathera?" ndinafunsa.

"Ayi amalume, n'dala zimenezo. Tiyeni Loweruka mukaone chionetsero cha achinyamata osoka zoterezi, mwina maso angakutsegukeni."

Tinapitadi. Makoma oyera mbee, anthu akulankhula monong'ona ngati pasiwa, aliyense tambula ya vinyo m'manja. Nsalu yoyamba inali ya zigamba zokhazokha, zofanana ndendende ndi zimene ndimasesa madzulo aliwonse n'kupatsa amayi opanga zokolopera. Nditaona mtengo wake pakapepala ndinavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwerenganso maziro. Mwanayo anandinong'oneza kuti izi n'zochepa, wa ku Ghana wina dzina lake El Anatsui amalumikiza zitsekerero za mabotolo a mowa ndi waya, n'kutuluka chinsalu chokuta khoma lonse. Ndinakumbukira zitsekerero zonse zimene ndinapondaponda ku Bangwe, mtima unawawa.

Kenako iye anakumana ndi anzake n'kundisiya ndekha. Apa m'pamene Satana anapezera mpata.

Pakona panapachikidwa chitenje chakale chofwifwa, chosokedwa bwino moti ndinagwedeza mutu kuvomereza. Koma m'munsi mwake munatuluka ulusi wofiira, kutsika mpaka pansi, n'kumayenda m'mbali mwa khoma. Ndinamva chisoni. Mwana wa eni wagwira ntchito yokongola chonchi, n'kuiwala kudula ulusi, anthu onsewa osamuuza? Ndinayang'ana uku ndi uku. Kasizasi kanatuluka kokha. Ndinadula kamodzi, bwinobwino, pafupi penipeni ndi mpendero, n'kuyamba kukulunga wotsalawo pachala monga timachitira.

Ndinakulunga, ndinakulunga, ulusi osatha. Ndinautsatira chowerama, kudutsa kumbuyo kwa azungu awiri, kuzungulira tebulo la vinyo, mpaka mutu wanga unagunda khoma la tsidya lina. Nditadzutsa maso ndinapeza ulusiwo wathera m'thumba la ovolosi yakumigodi yopachikidwa pamenepo. Pambali pake panaima mtsikana wina atagwira pakamwa, ndipo chipinda chonse chinali zii.

Mwana wa mchemwali wanga anafika akuthamanga. "Amalume! Mwatani?"

"Ndimangothandiza," ndinatero, chala chili chofiira ngati ndadzicheka.

Anandiwerengera kapepala kamene ndinakanyalanyaza. Chitenje chija chinali cha agogo aakazi a mtsikanayo, otsala kumudzi. Ovolosi inkaimira agogo ake aamuna, amene anabwera kumigodi ndi Wenela, ulendo umenewu boma la Kamuzu lisanauletse mu 1974, ndipo sanabwererenso. Ulusi wofiirawo ndiwo unali nkhani yonse, njira yokhayo yotsala pakati pa awiriwo. Ine ndi kasizasi kanga tinali titawasandutsa agogowo mtchona kachiwiri.

Ndinagwada pomwepo, suti ndi suti yomwe. Ndinati ndilumikiza, ndi ntchito ya mphindi imodzi. Ndinamanga mfundo yaing'ono yosaoneka n'komwe, ya telala weniweni. Koma ulusi unali utafupika, moti nditaukoka kuti ufike, ovolosi inapendekeka, mwendo umodzi m'mwamba ngati agogowo akuvina beni. Wina kumbuyo analephera kupirira, vinyo anamutulukira m'mphuno.

Mtsikanayo sanaitane apolisi. Atamva kuti ndine telala wa kwawo kwa agogo ake, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti, "Malume, mulipira ndi singano." Anali ndi chinsalu china choti chisokedwe pamanja chisanafike chionetsero chotsatira.

Ndinapita kwawo Loweruka katatu. Tsiku loyamba ndinasoka mzere wowongoka ngati wa makina a Singer, ndikudzimva kuti ndaonetsa ukatswiri. Anauyang'ana n'kupukusa mutu.

"Mwasoka bwino kwambiri, malume. Phwasulani. Sokani ngati mwatopa."

Zaka 22 pantchito, mwana wa dzulodzuloli n'kumandiphunzitsa kusoka mokhota! Pofika Loweruka lomalizalo ndinali nditazolowera, moti Lolemba kasitomala wanga anabweza thalauza, akuti mpendero ukuoneka ngati msewu wokwera phiri la Zomba.

Chionetsero chatsopanocho chinatsegulidwa mwezi watha, ndipo anandiitana. Pakhomo mwana wa mchemwali wanga anandiimitsa, n'kutambasula dzanja osalankhula. Ndinamupatsa kasizasi. Dzanja silinabwerere. Ndinawerama n'kutulutsa kena kamene kanali m'sokosi.