Nsomba yobisala ndi nsomba yolusa, nkhani yake ndi imodzi

Mtima wakhala pansi tsopano. Pa maphunziro athu a za nsomba, mutu wa khalidwe la nsomba za m'matanthwe a korali (matanthwe a m'nyanja zamchere omangidwa ndi tizamoyo tating'ono) wakhala ukundizunguza, makamaka funso loti n'chifukwa chiyani m'thanki imodzi yomweyo yagalasi yowetera nsomba, nsomba yotchedwa damselfish imasanduka mfumu pomwe ina yotchedwa firefish imangokhala kumphanga mpaka kuwonda. 

Chanditsegula m'maso ndi ganizo la wasayansi Jerram Brown la mu 1964, lomwe iye ankakamba za mbalame: nyama imateteza malo pokhapokha phindu la malowo likamaposa mphamvu zomwe ikutaya powateteza. Basi. Damselfish za mtundu wa Stegastes zimasamalira ndere pamwala, ndipo zimathamangitsa nsomba zazikulu kuposa izo, ngakhale kujompha munthu wosambira pafupi. Zili ngati mlimi wolondera chimanga kuti anyani asalowe. Munda ulipo, ndewu ilipo.

Tsono m'nyanja, yogonja imasambira pang'ono n'kutuluka m'malire, ndewu n'kutha. M'thanki galasi limaibwezera kwa mwini malo. Mwini malo amaona ngati mlendo wabweranso dala, ndiye kuthamangitsa sikutha. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti zambiri zomwe oweta nsomba amati manyazi, kwenikweni n'kugonja kopanda kothawira. Firefish imadya tizilombo toyandama m'madzi, ilibe munda woti iphere mnzake. Chitetezo chake ndi una. Ikasowa una wakewake imathawira m'mwamba, n'chifukwa chake imadumpha m'thanki yopanda chivundikiro.

Ganizo lomweli likulongosolanso nsomba zodya ndere zotchedwa ma tang. Yellow tang ya ku Hawaii imalimbana kwambiri ndi nsomba yofanana nayo thupi, chifukwa ofanana thupi amadya ndere zomwezo, ndipo munga wakuthwa ngati mpeni umene uli patsinde pa mchira wake umacheka ndithu. Koma zomwe zandigwira mtima ndi za clownfish, tinsomba tokhala mu anemone, nyama ya m'nyanja yooneka ngati duwa yokhala ndi timanja toluma. Wasayansi Peter Buston, mu 2003, anaonetsa ku Papua New Guinea kuti pa anemone imodzi nsomba zimakhala pamzere: yaikulu ndi yaikazi, yachiwiri yaimuna, zotsalazo sizibereka, ndipo iliyonse imachepetsa kukula kwake kuti isayandikire msinkhu wa yomwe ili pamwamba pake. Ikakula kwambiri ipirikitsidwa, ndipo kunja kwa anemone n'kudyedwa. Kudzichepetsako ndi nzeru yokhalira moyo, si mantha chabe.

Anzanga ozolowera mbuna za m'nyanja ya Malawi anena kuti ingodzazani thanki kuti ukali ugawikane. Pa mbuna zimathandiza. M'thanki ya makorali zinyalala za nsomba zambiri zimawononga madzi msanga, choncho njira n'kuika zofatsa poyamba, zolusa pomaliza, ndi kuyala miyala yokhala ndi mapanga ambiri kuti nsomba zisamaonane nthawi zonse.

Njira yomwe yandipulumutsa ndi yotsata nsomba imodzi yokha kwa mphindi 10, kulemba chilichonse chomwe yachita, n'kujambula mapu a miyala ndi kuika kadontho paliponse pomwe yathamangitsa inzake. Timadontho timeneti timajambula malire tokha. Ndikukhulupirira kuti palibe buku loposa zimenezi, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu wophunzira aliyense akanayamba ndi pepala limeneli asanaloweze dzina limodzi la Chilatini.

N'zimene zikundiwawa. Nthawi yambiri ya m'kalasi yathera pa maina ndi kuwerenga minga ya zipsepse, pomwe khalidwe lapatsidwa kanthawi kochepa kumapeto mayeso atayandikira. Ukafunsa chifukwa chomwe nsomba ikuchitira chinthu, yankho ndi loti sizibwera pamayeso. Thanki yoyang'ana nayonso timachita kulandirana, zambiri ndaonera mavidiyo a pa YouTube.

Pali china chomwe sichikundikhalira bwino. Nsomba ziwiri za mtundu umodzi, msinkhu umodzi, m'thanki zoyalidwa mofanana, ina imatuluka tsiku loyamba, ina imabisala mlungu wonse popanda woithamangitsa. Masamu a Brown apa akuoneka operewera. Mwina nsomba iliyonse ili ndi mtima wakewake, mwina ndi momwe inagwidwira ndi kunyamulidwa paulendo. Mapu anga a timadontho sakusiyanitsa ziwirizi, ndipo sindinapezebe poyambira.