Mbiri ya moyo wanga, gawo la 8: tsiku limene mota inapsa pachitunda

Zikomo nonse amene munandilembera pa Facebook mutawerenga gawo lathali. Ambiri mwafunsa kuti njinga ya magetsi ya matayala atatu imene tinapanga ija inathera kuti. Ndakhala ndikuzengereza chifukwa nkhaniyi imandiwawabe, koma ndinalonjeza kuti sindidzadumpha kalikonse.

Mukukumbukira kuti nthawi imeneyo ndinali pachikamwini kwawo kwa mayi a ana angawa, kufupi ndi Bembeke, komanso kuti mota ija tinagula ndi ndalama zimene iwo anakongola ku banki m'khonde. Inali ya mavoti 48, mawati 1,000, yozungulira ka 3,000 pa mphindi. Mnzanga wowotcherera uja, amene dzina lake sindilitchula muno, anaumirira kuti tiike sipuloketi ya mano 11 kumota ndi ya mano 66 kutayala, ati anthu aone liwiro. Ine ndinkafuna chonyamulira kachewere. Ena mwandifunsa chifukwa chimene ndinamvomerera. Makina owotcherera anali ake, shedi inali yake, ndipo ine ndinalibe ndalama yolipira wina.

Pamsewu wa M1, pamalo athyathyathya, inkathamangadi mpaka ana kumaithamangira.

Unali mwezi wa Juni, chifunga chili kwii, kuzizira kwa ku Dedza kuja kolowa m'mafupa. Apongozi anga anali atakumba kachewere wawo, ndipo lole ya ogula inkadikira pamsika. Aka kanali koyamba kuti andipatse ntchito ya ndalama yawo. Tinakweza matumba, ndinanyamuka. Nditafika pakati pa chitunda chotulukira m'mudzi, kulira kwa mota kunasintha, kunayamba kukoka ngati ikubuula, liwiro n'kumatsika. Kenaka fungo la waya wopsa. Ndinayang'ana pansi n'kuona utsi ukutuluka pachivindikiro. Njinga inaima, n'kuyamba kubwerera chambuyo ndi katundu yense. Ndinalumpha n'kuigwira ndi phewa, mwana wina wodutsa ndiye anaika mwala kutayala.

Anyamata a kabaza anaima. Sanandithandize, anangoti, "Injiniya, magetsi athima?" Zimenezo ndikanapirira. Chimene sindiiwala ndi apongozi anga, amene ankabwera wapansi pambuyo ndi mwana wawo, mayi a ana angawa. Inu a kwathu kuno mukudziwa kuti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Anaima patali, nkhope atatembenuzira kumunda, n'kuuza mwana wawo kuti, "Auzeni bambo a anawo asadandaule, kachewere saola tsiku limodzi." Atatero anamasula thumba, anapungulira kachewere m'chitenje, n'kusenza. Mayi achikulire, a miyendo yowawa, kukwera chitunda chija ndi katundu amene ine ndinalonjeza kuti ndinyamula. Anabwerera kudzatenga wina. Ine ndinasenza wanga tili chete, tonse atatu. Lole tinaipeza itapita, ndipo kachewere uja anagulitsidwa mawa lake pamtengo wogwetsa. Sanandidzudzulepo, ngakhale kamodzi, mpaka tsiku limene anatisiya.

Zaka ziwiri zotsatira zinathera pokonza mawayilesi ndi mafoni kuti tibweze ngongole.

Achimwene ena analemba kuti ndikanangogula mota ya mawati 2,000. Ndikuthokoza, koma sindikugwirizana nanu, ndipo ndifotokoze bwino poti pali achinyamata amene akufuna kupanga zawo. Mawati amatiuza ntchito imene mota ingagwire pa sekondi. Chimene chimakankha tayala pachitunda ndi torque, mphamvu yopotokola, imene amayeza mu Nm. Kuti muipeze, chulukitsani mawati ndi 9.55, mugawe ndi kuzungulira kwa pa mphindi. Mota yanga ya mawati 1,000 pa 3,000 inkapereka 3.2 Nm basi. Masipuloketi a mnzanga aja ankachulukitsa ka 6, ndiye kutayala kunkafika pafupifupi 19 Nm. Tsono njinga, ineyo ndi matumba tinkakwana makilogalamu 250. Kukweza katundu wotere pachitunda chokwera mita imodzi pa mamita 10 alionse, ndi tayala la mainchi 26, kumafuna 80 Nm, osawerengera kukanika kwa msewu wafumbi. Ya mawati 2,000 pamasipuloketi omwewo ikanapereka 38 Nm. Ikanapsanso, kungoti ikanapsa ndi ndalama zambiri.

Ndipo imapsa chifukwa chake ndi ichi: mota ikalemedwa n'kumazungulira pang'onopang'ono imakoka magetsi ochuluka, amene amayeza mu ma ampere, ndipo ma ampere akawirikiza kawiri kutentha kwa mawaya a m'kati kumawirikiza kanayi. Amene munatsikako kapena kukwera Khwekhwerere, msewu wa ku Golomoti uja, mwaona kuti lole yodzaza imakwera ndi giya yotsika, injini ikulira kwambiri koma matayala akuyenda mwapang'ono. Mota ya magetsi imafunanso zomwezo.

Nditapezanso mota yofanana ndi yoyamba ija, ndinaika shafuti ya pakati ndi matcheni awiri. Yoyamba kuchoka pa mano 11 kupita pa 55, yachiwiri kuchoka pa 12 kupita pa 72. Zonse pamodzi zimachulukitsa ka 30, kutayala kumafika cha m'ma 90 Nm, liwiro n'kutsikira pa makilomita 12 pa ola. Anthu ena amati ikuchedwa. Mlimi wa kachewere safunsa za liwiro, amafunsa ngati matumba afike pamsika lole isanachoke. Chitunda chija imakwera ndi katundu, ndipo ndikagwira mota pamwamba imangokhala yofunda.

Mnzanga uja, amene anayenda m'mudzi monse kunena kuti mayi a ana anga anakwatiwa ndi munthu wopenga wodya ngongole, anabwera chaka chatha kudzawerenga mano a masipuloketi anga. Ndinamulola, chifukwa nzeru imeneyi si yanga ndekha. Koma ndikudziwa kuti mumawerenga zimene ndimalemba, achimwene. Kwa ine mulibe mangawa. Kwa mayi a ana anga simunapepesebe, ndipo pakhomo pathu mumapadziwa.

Gawo lotsatira ndidzakamba za mabatire, ndi ulendo wanga woyamba wopita ku Lizulu ndi kabichi.