Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kuphunzitsa za madzi oundana m'kalasi yotentha ya ku Kasungu

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ananditumiza kukaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina yoyendera pakhomo ku Kasungu. Mutu umene unkavuta kwambiri unali wa madzi oundana a m'mapiri ndi kumalekezero a dziko, chifukwa ana athu amangodziwa matalala ndi ayezi wa mufiriji ya pagolosale.

Choyamba mwana amve mmene madziwa amaundanirana. Chipale chikagwa pamalo pozizira n'kusasungunuka, cha chaka chamawa chimagwera pamwamba pake. Chapansi chimatsindirika mpaka kulimba, ndipo chikalemera chimayamba kutsetsereka pang'onopang'ono. Chogwa chikachepa kuposa chosungunuka, mulu wonse umafota. Pa Kilimanjaro, phiri la mamita 5,895 ku Tanzania, gawo loposa 80 pa 100 la madzi oundana amene analipo mu 1912 linatha kale, osati ndi kutentha kokha komanso chifukwa mpweya unauma ndipo chipale chikugwa chochepa. Sapitwa wathu, wa mamita 3,002, alibe oterewa.

Mfundo imene ndinkafuna isawaphonye ndi yakuti ayezi woyandama pamadzi ndi wokhala pamtunda sachita zofanana akasungunuka. Izi sizilowa ndi choko ayi, zimafuna maso.

Dulani kukamwa mabotolo awiri a malita awiri. Dzulo lake, umitsani madzi mufiriji m'timapepala tiwiri tapulasitiki, kalikonse mamililita 300. M'botolo loyamba thirani madzi ochuluka ndithu kuti ayezi ayandame osagunda pansi. Akagunda, zotsatira zimanama. M'lachiwiri ikani mwala wafulati pamwamba, wotulukira kunja kwa madzi, ndipo ayezi akhale pamwalapo. Musatenge njerwa, chonde, imamwa madzi n'kutsitsa mlingo. Mzere wa mlingo jambulani mutaika kale ayezi. Beseni lalikulu silithandiza, chifukwa madzi amangomwazikana ndipo kukwera kwake sikuoneka.

Zonse zikasungunuka, botolo loyamba limakhala pamzere pomwepo, pakuti ayezi woyandama anali atatenga kale malo ake. Lachiwiri limakwera masentimita atatu kapena kuposa. Apa m'pamene ndinkatchula Greenland, chilumba chachikulu cha kumpoto kwa dziko: ayezi wake ali pamtunda, ndipo atasungunuka yense nyanja zamchere zingakwere mamita pafupifupi 7. Wa ku Antarctica, kumalekezero a kummwera kwa dziko, angakweze mamita pafupifupi 58. Chiyambire 1900 zakwera kale masentimita ngati 20, mwa zina chifukwa madzi akatentha amafufuma.

Chionetsero chachiwiri n'chachidule. Ikani zidutswa ziwiri zofanana za ayezi padzuwa, chimodzi muwazepo fumbi la makala. Chodacho chimatsogola kusungunuka, poti chakuda chimamwa kutentha. Ku Arctic, kumalekezero a kumpoto kwa dziko, n'chimodzimodzi: ayezi woyera akachoka pamatsala nyanja yakuda, imatentha, ndipo wotsalayo amasungunuka mofulumira.

Funso silinkasowa: "Aphunzitsi, nanga ife tilibe nyanja yamchere, zikutikhudza bwanji?" Ndinkaliyembekezera ndi mtima wonse. Feteleza ndi mafuta athu ambiri amatsikira pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Beira ndi mzinda wotsika kwambiri, ndipo namondwe Idai atauwomba mu 2019 msewu wochokera kumeneko unaduka. Doko likavutika, mlimi wa fodya ku Santhe kapena ku Chamama amazimvera pamtengo wa thumba.

Gawo likudzali ndifotokoza mmene tinapangira choyezera mvula ndi mabotolo omwewa.